Ndani Akumuphikira Buledi ku Mosko?

Tsiku la Munisa linkayamba kunja kusanayere. Kusesa pabwalo. Kusesa ndi kumsewu komwe, kutsogolo kwa geti, kuti odutsa asanene kuti kwa mayi Mastura kuli mtengwa waulesi. Kuwaza madzi kuti fumbi ligone. Kukama ng'ombe, kuwiritsa mkaka, kusonkha mapesi a thonje mu uvuni wadothi, kumata buledi m'khoma mwake dzanja likuwauka. Kenako tiyi wa apongozi, phala la mwana, zochapa, kukhola, chakudya chamasana. Akamakhala pansi koyamba, dzuwa limakhala lili kale pamutu.

Koma Lamlungu ntchito zonsezi ankazithamangitsa ngati nkhuku. Lamlungu linali tsiku la foni.

Ikamayandikira thuu koloko, Munisa ankasamba, n'kuvala diresi yake yobiriwira, n'kupaka usma m'nsidze kuti zide bwino. Akatero ankayala chiguduli pansi pa mtengo wa mabulosi, chifukwa pakhomo ponsepo ndi pokhapo pamene netiweki inkagwira.

Mwamuna wake, Doniyor, anali ku Mosko chaka chachitatu, akupaka pulasitala m'nyumba za eni.

Awiriwa anakumana pasiteji ya basi ku Chust. Munisa anali m'chaka choyamba kusukulu ya unamwino, ndipo tsikulo ananyamula chivwende chachikulu cha amayi ake. Minibasi inaima, dalaivala, Doniyor yemweyo, n'kutulutsa mutu.

"Mlongo, vwendelo lilipira mpando wake."

"Ndiye mulifunse lokha ndalamazo, achimwene. Ine ndilipira wanga."

Dalaivala uja anaseka mpaka galimoto inazima. M'mawa mwake anaimanso pomwepo, mkucha mwakenso chimodzimodzi, ngakhale anthu anali atadzaza kale. Patatha miyezi isanu ndi umodzi akuluakulu a kwawo anabwera kudzanyema buledi wa chinkhoswe pakhomo pa makolo a Munisa, nkhani n'kutha. Sukulunso inathera pomwepo.

"Mkazi wanga azibaya jakisoni amuna a eni? Ayi. Iwe ukhala mfumukazi yanga," anatero Doniyor.

Mfumukazi yokama ng'ombe! Koma nthawi imeneyo mawuwo ankamveka ngati uchi.

Tsiku lopita ku Mosko, mwana wawo Rayhona ali wa miyezi inayi, Doniyor anagwira mkazi wake dzanja kuseri kwa khola.

"Moyo wanga, zaka ziwiri zokha. Ndikadzadya buledi wa mkazi wina, mano anga adzagweluke onse."

Tsono foni ikalira Lamlungu, woyamba kulankhula anali apongozi. Palibe ankatsutsa zimenezo. Vuto n'lakuti mayi Mastura sankadziwa kugwira foni. Mwina aiike kukhutu, mwana wawo n'kumaona ndolo yokha. Mwina ailozetse kumwamba.

"Oyijon, amayi anga, ndikungoona masamba a mabulosi. Nkhope yanu ili kuti?"

"Nkhope ya amako waiiwala? Ndi yomwe ija. Wadya?"

"Ndadya."

"Bodza. Waonda ngati udzudzu."

Ankakamba za msana wawo, za denga lodontha, za mwana wa aneba amene wagulira makolo ake galimoto. Munisa ankaima kumbuyo ndi tipoti m'manja, akusuzumira pamwamba pa phewa la apongozi kuti aoneko ngakhale chibwano cha mwamuna wake. Kenako Rayhona ankaonetsa bambo ake chidole. Za Munisa zinkatsala mphindi zitatu, apongozi ali pompo akuswa mtedza.

"Muli bwanji, bambo ake?"

"Ndili bwino, mayi ake. Ng'ombe ili bwanji?"

"Ili bwino."

Chikondi cha pamaso pa apongozi n'chimenecho. Ng'ombe!

Koma foni ikangodulidwa, uthenga unkalowa.

"Uchi wanga, nsidze zakozo zandipha. Ndimalankhula ndi amayi koma maso ali pa iwe. Diresi yobiriwirayo usavule mpaka ndigone."

Munisa ankawerenga uthengawo kukhola, kawiri, katatu, ng'ombe ikumuyang'ana. Sabata yonse ankakhalira mawu amenewo.

Munthu wina amene Munisa ankayimbirana naye pavidiyo anali Lobar, mnzake wa pamtima kuyambira kalasi yoyamba. Lobar ukwati wake unatha atalephera kubereka, ndipo posafuna kukhala chonyozeka kwa alamu ake, ananyamuka kukagwira ntchito yokolopa m'sitolo yaikulu ku Mosko komweko. Pomutsanzika, Munisa anamupatsa chinthu chimene ankachikonda kwambiri: chidindo cha buledi chimene malemu bambo ake anasema ndi manja awo. Misomali yake inkasiya duwa pakati pa buledi, koma msomali umodzi unathyoka kalekale, kotero duwalo linkatuluka lagweru ngati mwana woguluka dzino.

"Ukamaphika uzindikumbukira," anatero Munisa, onse awiri akulira.

Anamupatsiranso kaphukusi ka mphesa zouma ndi masokosi aubweya kuti akapereke kwa Doniyor. Nambala ya mwamuna wake anailemba yekha, ndi dzanja lake, papepala.

Panapita chaka.

Lamlungu lina, kumayambiriro kwa nyengo yozizira, Doniyor anayimba ali m'chipinda chimene Munisa sanachionepo. Kale kumbuyo kwake kunkaoneka mabedi osanjikizana ndi zovala za anzake asanu ndi awiri. Tsikuli kunali katani yoyera ndi katebulo.

"Mwasamuka, bambo ake?"

"Abwana atipatsa malo ena. Kuno n'kofunda."

Doniyor anapendama kuti atenge kapu ya tiyi, ndipo Munisa anaona patebulopo. Buledi awiri ozungulira, opsa bwino, osanjikizana. Chala chake chinafulumira kuposa nzeru zake, n'kujambula chithunzi cha pafoni.

Madzulo ake, atatsekera nkhuku, anakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri. Anakulitsanso. Duwa pakati pa buledi. Duwa lagweru.

Chidindo cha bambo ake angachiiwale? Buledi ameneyu wafika bwanji patebulo pa mwamuna wake? Nanga katani yoyerayo, ndi mwamuna uti wopaka pulasitala amene amakumbukira kugula katani?

Analemba uthenga.

"Buledi ali patebulo panuyo waphika ndani?"

Yankho linachedwa ola lathunthu.

"Ndagula. Wayamba upolisi liti, duwa langa?"

"Mwagula kwa ndani?"

"Kwa wogulitsa. Gona, mawa uli ndi ntchito."

"Yatsani vidiyo mundionetse chipinda chonse."

"Netiweki yavuta kuno."

Netiweki kuvuta ku Mosko? Iye wa pansi pa mabulosi ikugwira?

Kutacha mkaka unasefukira pamoto, chinthu chimene sichinamuchitikirepo. Apongozi anamuyang'ana cham'mbali.

"Kelin, mtengwa wanga, mutu mwausiya kukhola?"

Masana, apongozi atagona, Munisa anapita pansi pa mtengo n'kuyimbira Lobar. Nkhope ya mnzakeyo inatulukira ikumwetulira, masaya atadzadza, ali mu yunifolomu ya kuntchito.

"Munisa wanga! Ndimati ndikuyimbire dzulo. Iii, wachita kuda ndi dzuwa, akukulimitsa ngati thirakitala?"

"Iwe ndiye wanenepa. Ku Mosko kukukukonda."

"N'kuzizira, timangodya."

"Chidindo chija ukadali nacho?"

Lobar anaphethira kamodzi kokha.

"Ndingachitaye? Ndiye chikundidyetsa! Loweruka ndimaphika buledi makumi atatu, anyamata a kwathu amalimbirana. Amati akaluma amaona amayi awo."

"A Doniyor amagulanso?"

"Amagula, monga ena onse. Mwinanso amatuma mnzake. Ine ndimuona kuti, ntchito yake ndi yanga?" Lobar anasendeza nkhope pafupi. "Dikira kaye. Munisa, ukundiganizira ine? Ine? Tinkagawana chingamu chimodzi, lero ukundifunsa ngati wakuba?"

Misozi inalengeza m'maso mwa Lobar. Munisa anachita manyazi mpaka makutu anatentha.

"Ndikhululukire, mnzanga. Kukhala ndekha kwandisokoneza mutu."

"Mwamuna wako amakukonda, chitsiru iwe. Akabwera kudzagula amangoti Munisa, Munisa, mpaka timatopa naye."

Atadula foni m'pamene Munisa anakumbukira kuti mphindi imodzi yapitayo Lobar amati samuona. Koma anadzikalipira yekha. Munthu wansanje amapeza minga ndi pamtsamiro pomwe.

Tsiku lomwelo Doniyor analemba uthenga wautali.

"Ndamva kuti wamuliza mnzako. Ine kuno zala zikuchita kung'ambika ndi simenti chifukwa cha iwe ndi mwana, iwe uli kalikiliki kuwerenga mabowo a pabuledi. Koma ndakukhululukira, chifukwa nsanje ndi chikondi. Mumtima mwanga muli mpando umodzi, ndipo unakhalapo ndiwe ndi vwende lako lija."

Munisa anaseka, kenako analira, kenako anapepesa. Koma wamva kwa ndani, msanga chonchi, ngati awiriwo saonana?

Nsanje ili ngati utsi wa mapesi a thonje. Ukalowa m'zovala, uchape kangati, fungo silichoka. Lamlungu lililonse Munisa sankayang'ananso nkhope ya mwamuna wake. Ankayang'ana kumbuyo kwake. Doniyor naye anachenjera, anayamba kuyimba atatsamira khoma loyera lopanda kanthu. Koma khoma silibisa zonse. Kolala ya shati yake inali yosita. Batani limene linathothoka mwezi watha linali litasokedwa, ndi ulusi wolingana bwinobwino. Ndevu zometa. Masaya odzadza.

"Taona, wayamba kunenepa mwana wanga," anatero mayi Mastura mokondwa.

Ananena zimenezo osamuyang'ana Munisa.

Itatha miyezi yozizira, Doniyor anatumiza foni yatsopano ndi munthu wina wobwera kumudzi. Munisa anaganiza kuti ndi yake, chifukwa yake inali yosweka galasi. Ayi ndithu. Inali ya amayi.

"Kuti ndizilankhula ndi mwana wanga osakudikirani," anatero apongozi. "Ndiphunzitseni, kelin."

Munisa anawaphunzitsa masiku atatu. Ikalira dinani chobiriwirachi. Mukamaliza dinani chofiirachi. Musaiike kukhutu, oyijon, si wailesi.

Atangodziwa, mayi Mastura anayamba khalidwe lachilendo. M'mawa uliwonse cha m'ma eyiti, Munisa ali pa uvuni, iwo ankavala mpango wawo woyera wa kumisonkhano, n'kunyamula foni, n'kupita pansi pa mabulosi. Rayhona akawatsatira ankamubweza. Ankakhalako mphindi zisanu zokha, n'kubwera nkhope ikuwala, milomo ikugwedezeka ngati munthu amene wangomaliza kudalitsa wina.

"Munalankhula ndi bambo ake, oyijon?"

"Ndi mchemwali wanga wa ku Namangan. Mwayamba kundiwerengera mafoni inenso?"

Mchemwali wa ku Namangan tsiku ndi tsiku? Yemwe uja anakangana naye pamaliro chifukwa cha makapeti? Ndipo mchemwali amamuvalira mpango woyera?

Zinatero sabata zitatu.

Lachinayi lina m'mawa kunamveka kulira kwa aneba. Agogo aamuna a pakhomopo anali atatsikira kuli chete. Mayi Mastura anavula chijasi chawo chogwirira ntchito, n'kuchikoleka pamsomali wa pakhonde, n'kuthamangira kumeneko. Munisa anatsala ndi ufa wokanda m'beseni, moto ukuyaka mu uvuni.

Eyiti koloko itakwana, chijasi chija chinayamba kulira.

Munisa anaima nji. Foni ya apongozi sagwira. Amayi ake anamulera bwino. Inalira mpaka kusiya. Inayambanso.

Anapukuta manja padiresi, n'kuitulutsa m'thumba. Panalibe dzina, panali nambala ya ku Russia imene sankaidziwa. Anayenda mpaka pansi pa mabulosi. Analozetsa foniyo kumwamba, kumasamba, monga momwe apongozi amachitira. Kenako anadina chobiriwira, n'kusuzumira cham'mbali.

Katani yoyera ija. Katebulo kaja. Pakati pa chipinda panaima mkazi atavala diresi yonyezimira ya akwati, nsalu yopyapyala itaphimba kumaso. Anagwira m'mphepete mwa nsaluyo ndi manja awiri, n'kuwerama pang'onopang'ono mpaka m'chiuno. Anadzuka. Anaweramanso.

Mkazi aliyense wa kuno amaudziwa ulemu umenewo. Ndi moni wa mtengwa watsopano kwa apongozi ake, m'mawa uliwonse, masiku makumi anayi oyamba. Munisa anawerama chomwecho pabwalo lomweli mpaka msana unauma.

"Mwadzuka bwanji, oyijon," anatero mkaziyo ndi mawu ofatsa.

Mawu a Lobar.

Kumbali kunamveka mwamuna akuseka, kukamwa kuli chakudya.

"Oyijon, masamba a mabulosi aja ayambanso! Tsitsani foni mumuone kelin wanu, wachedwa kuntchito chifukwa cha inu."

Munisa anatsitsa foni.

Lobar anali pakati pa kuwerama kachitatu. Atadzuka n'kukweza nsalu, maso awo anakumana. Lobar anagwira pakamwa. Pamimba pa diresi yonyezimirayo panali potukuka.

"Malizitsa," anatero Munisa. "Watsala pang'ono. Ukawerama usamapinde mawondo, apongozi amadana nazo."

"Munisa..."

Chithunzi chinagwedezeka, kenako nkhope ya Doniyor inadzadza galasi lonse, nyenyeswa za buledi zili pamlomo.

"Foni ya amayi ukutani nayo?"

"Funso lanu loyamba ndi limenelo?"

"Uchi wanga, tamvera. Ndimafuna ndikuuze ndekha ndikabwera. Si momwe ukuganizira."

"Ndikuganiza kuti mwakwatira."

"Mulla wa kumzikiti anangotidalitsa kuti tisakhale mu uchimo. N'zakuno zokha izi. Pepala la boma la ukwati lili ndi iwe, wamkulu ndiwe, palibe chikusintha! Ukudziwa kuzizira kwa kuno? Ukudziwa kubwera kuntchito thupi lonse likuwawa, wopanda wokupatsa ngakhale madzi otentha? Zaka zinayi, Munisa. Ndine munthu."

"Ine zaka zinayizo ndinali mwala?"

"Iwe uli ndi amayi, uli ndi mwana."

"Ndili ndi amayi anu. Ndili ndi ng'ombe yanu." Anasendeza foni pafupi. "Tatsegulani pakamwa, bambo ake."

"Chiyani?"

"Ndione ngati mano akadalipo."

Doniyor anayang'ana kumbali. Kumbuyo kwake Lobar ankalira mokweza.

"Mnzanga, sindinafune! Ndinangopita kukapereka masokosi aja, ndinamupeza akudwala, panalibe womusamala. Iwe ukudziwa zimene ndinadutsamo. Ankanditcha chumba, Munisa, taona tsopano..."

"Ndaona. Ndipo unalira bwino tsiku lija, mpaka ndinakupepesa. Ine kupepesa iwe!"

Anadina chofiira.

Sanagwe pansi. Sanang'ambe zovala. Ufa unali utafufuma ndipo moto unali utafika pake, tsono ufa sudikira misozi ya munthu. Anabwerera pa uvuni n'kumata buledi khumi ndi awiri, mmodzimmodzi, misozi ikugwera pamakala n'kumachita tsii. Dzanja linapsa pachigongono, sanamve.

Mayi Mastura anabwera cha m'ma teni kudzatenga buledi wopita kumaliro. Anapeza foni yawo ili pamwamba pa nsalu yokulungira buledi. Anayang'ana foni, anayang'ana mtengwa wawo, n'kukhala pansi pakhonde.

"Mwayankha foni yanga."

"Kelin wanu amakupatsani moni. Lero ndi tsiku lachingati, oyijon? La makumi awiri ndi chimodzi?"

Apongozi anakonza mpango wawo.

"Khalani pansi, mwana wanga. Mwamuna ali kutali ali ngati mwana, amafuna womuchapira. Mukanakonda azipita kwa akazi achilendo a m'misewu? Uyu ndi wa kwathu, mumamudziwa, ndi waulemu. Ndipo adokotala akuti ndi wamwamuna."

"Rayhona si mwana?"

"Ndi mwana, koma adzapita kwa eni. Inu palibe akukuthamangitsani. Nyumba ndi yanu, ndalama azitumiza monga kale. Akazi angati m'mudzi muno akukhala chomwecho, ali phee? Mukachoka mupita kuti? Sukulu simunamalize. Mkazi wobwerera kwawo ndi mwana kumsana amamufuna ndani?"

Munisa anawayang'ana. Mayi amene anawasisita msana zaka zinayi. Mayi amene anawaphunzitsa yekha podina.

"Munkati mukachoka kodalitsa iyeyo, mumabwera kudzamwa tiyi wanga."

"Tiyi ndi tiyi, kelin."

"Buledi wanu uyo. Akudikira kumaliro."

Apongozi atatuluka pageti, Munisa anayimbira mchimwene wake Ulugbek, amene amagulitsa matayala ku Chust.

"Achimwene, bwerani ndi galimoto. Yaikulu, osati yanu ija."

"Chachitika n'chiyani?"

"Ndikuuzani m'njira. Mubweretse ndi zingwe."

Podikira anachapa mabeseni, anamwetsa ng'ombe, anapatsa nkhuku madeya, chifukwa ziweto sizinamulakwire. Kenako anatulutsa zimene anabwera nazo paukwati: bokosi lalikulu, zofunda zisanu ndi zitatu zimene amayi ake anasoka, makina osokera, makapu amene anatsala osasweka. Foni yake inkangolira. Mauthenga ankalowa motsatizana.

"Moyo wanga, yankha."

"Mfumukazi yanga, usachite zinthu mopupuluma. Ndikugulira ndolo zagolide."

"Ganizira mwana."

"Ukatuluka pageti limenelo usadzabwerenso."

"Uchi wanga, ndimaseka. Yankha chonde."

Anayankha umodzi wokha, galimoto itadutsa kale mlatho.

"Ng'ombe ili bwino. Mumuuze kelin watsopanoyo kuti imakamidwa faifi koloko."

Anthu analankhula, monga amalankhulira. Ena anati wachita bwino, ambiri anati wapusa, wasiyira mnzake nyumba ya zipinda zinayi. Amayi ake analira sabata yathunthu, kenako anamusunthira malo pafupi ndi zenera kuti aikepo makina. Kusukulu ya unamwino anamuuza kuti ayambirenso chaka choyamba, ndipo adikire mpaka Seputembala.

Akafunsidwa kuti zonsezi zinamudyera chiyani, Munisa sachulukitsa mawu. Galimoto yonyamula katundu inadya malipiro a madiresi asanu ndi limodzi, chifukwa sanafune kuti mchimwene wake amulipirire. Makapu awiri anasweka m'njira. Pachigongono panatsala chipsera. Zaka zisanu za ukwati, zinayi mwa izo ali yekha. Lobar, mnzake wa pamtima kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, amene amamusowa kuposa mwamunayo, ngakhale zimenezi sauza munthu.

Ndipo pali bandulo ya intaneti ya Lamlungu lililonse, imene amagula yekha ndi ndalama ya kusoka, chifukwa Rayhona amafuna kuona bambo ake ndipo mwanayo sanalakwe kanthu. Amene amagwira foniyo ndi Munisa, kuti isagwe. Amaigwira molunjika, nkhope ya mwana ili pakati penipeni, iye ataima kuseri kwake.

"Amayi ako ali pompo?" amafunsa Doniyor nthawi zonse.

Rayhona amakweza maso, Munisa n'kupukusa mutu.

"Akuti palibe," amatero mwanayo.